Pholo la Alamu

Adokotala atauza atelala a mumsewu mwathu kuti magazi awo akuthamanga kwambiri ndipo aziyenda m'mawa uliwonse osaima, akazi awo anawonjezerapo nzeru ya abusa: pholo lililonse la magetsi likhale la munthu mmodzi womupempherera. Ine ndinali pakhonde, mswachi uli m'kamwa, pamene awiriwa anafika pa pholo lachisanu ndi chiwiri, ndipo kunena zoona mano sindinatsuke tsiku limenelo.

"Ili ndi la ndani?" anafunsa atelala, ali wefuwefu.

Mayi anayang'ana pakapepala ka mayina a owapempherera. "La achimwene."

"Alamu? Aaa! Tilidumphe."

"Pholo sadumpha, bambo. Abusa anati ameni kaye, kenako lotsatira."

"Ndipempherere munthu amene anaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti thalauza lomwe ndinamusokera mwendo umodzi ndi waufupi? Ine? Zaka makumi awiri ndili pa makina?"

"Ali pakapepala."

"Ndiye tiima pompano mpaka Yesu adzabwere!"

"Kuima ayi! Adokotala anati osaima."

"Kupita ayi, kuima ayi. Nanga tiuluke?"

Mayi anaganiza pang'ono. "Tizungulire."

Abale inu, anayambadi kulizungulira pholo lija, mayi patsogolo, atelala pambuyo, ngati mbuzi zomangidwa pachikhomo chimodzi.

"Phololi tilipatse boma," anatero atelala.

"Boma lili pa lachikhumi."

"Galu wathu bwanji? Akutsokomola."

"Galu sali pakapepala."

"Tiwoloke msewu!"

"Mapholo a uko ndi a pobwerera. Odwala ndi amasiye."

"Chabwino!" Atelala anakweza manja kumwamba uku akuzungulirabe. "Ambuye, mwendo wa alamu muufupikitse kuti ukwane thalauza. Ameni!"

"Iii! Pemphero limenelo, kapena temberero? Ameni ameneyo ine sindinamumve. Zungulirani."

"Mayi, msewu ukuzungulira."

"Msewu uli phee. Mukuzungulira ndinu."

"Ndigwa ine!"

"Mukagwa mwaima, ndipo adokotala anati osaima." Mawu a mayi anatsika. "Miyezi itatu, bambo. Miyezi itatu sindinaponde pakhomo pa achimwene chifukwa cha mwendo wa thalauza. Ndawasowa, mwamva? Tinatsala awiri okha m'mimba mwa amayi athu."

Atelala anazungulira kawiri, thukuta lili kamukamu. Kenako anavula chipewa.

"Ambuye, Inu mukudziwa kuti tsiku lija tepi ndinaiiwala kunyumba. Ndinangoyeza ndi maso."

"Ndi maso?"

"Ndikuyankhula ndi Ambuye, mayi, musalowerere! Ambuye, alamu sananame. Mwendo unali waufupidi, mpaka sokosi kuonekera. Adalitseni, iwo ndi miyendo yawo yonse iwiri. Ndikawapepesa, ndipo ndiwasokera lina lofanana. Ameni."

"Ameni! Aleluya!" Mayi anapukuta misozi ndi kapepala komwe kaja. Kenako anakatambasula, nacheuka kuwerenga mapholo ndi chala. Chala chinaima.

"Bambo."

"Tiyeni, ndapepukidwa. Lachisanu ndi chitatu ndi la ndani?"

"Bambo, pepani. Lija la pakona si la magetsi. Ndi la chikwangwani cha ometa tsitsi."

"Nanga zili ndi kanthu?"

"Ndinaliwerenga. Ili ndi lachisanu ndi chimodzi. La amayi anu."

"Chiyani?"

"Pemphero lonse lija lapita kwa amayi anu."

"Amayi savala thalauza!"

"Adziwa okha chochita nalo. La achimwene ndi ilo, patsogolo apo. Mukabwereze."

"Mayi, Mulungu wamva kale!"

"Wamva, koma pa pholo lolakwika."

Ndinati lero kuli ndewu, ndipo mswachi ndinautulutsa m'kamwa kuti ndikaleretse. Atelala anayang'ana akazi awo, anayang'ana pholo linalo. Mwadzidzidzi chipewa pamutu phaa, liwiro la mtondo wadooka kulunjika pholo la alamu, mimba ikugwedera uku ndi uku.

"Bambo! Adokotala anati kuyenda, osati kuthamanga!"

"Thamangani, mayi!" anakuwa atelala osacheuka. "Mtima ukadali wofewa uwu! Ukaumanso, tizungulira mpaka mawa!"