Mawindo Khumi ndi Limodzi

Pa siteji ya maminibasi otchedwa makombi ku Rugare, Bambo Cornélio, amene anathawa nkhondo ku Tete ali mnyamata, anali atakumbatira laputopu ngati khanda. Mayi wina amene anaima pambali pawo anaiponyera diso.

"Yafa kodi, bambo?"

"Siinafe ayi, mayi. Akukoleji ndiwo akuikana. Mwana wanga Stélia akuphunzira zauphunzitsi, ndiye akuti azidzijambula akuphunzitsa, apo ayi mayeso salemba. Koma pulogalamu yojambulirayo akuti siingalowemo, ikufuna mawindo khumi ndi limodzi. Nyumba yanga ili ndi atatu okha."

"Windows 11 imeneyo, bambo! Si mawindo a nyumba, ndi zimene zimayendetsa makinawo. Wanganso anamuuza zomwezo, kuti memore ikhale magiga eyiti."

"Nanga kamera ndi maikolofoni akufuniranji? Diso ndi khutu m'nyumba mwanga?"

"Kuti aphunzitsi amuone ndi kumumva, basi."

"Aona iye yekha? Kumbuyo kwake kumakhala ine, munthu wopanda chitupa, ndikulankhula chikwathu."

"Ndiye muzikhala chete akamajambula."

"Kwathu zinayamba choncho, mayi. Anabwera anthu achilendo ndi kope kudzawerenga zitseko, ife n'kuwapatsa madzi akumwa. Pobwera kachiwiri sanagogode."

"Aa, zakale zimenezo! Mumakhala mbali iti, bambo?"

"Mwayambatu kuwerenga nanunso."

"Pepani. Nanga mukupita nayo kuti?"

"Kutauni, akaikemo mawindo awowo. Mwana aphunzire, sindikukana. Koma ndikafika kunyumba, onse khumi ndi limodziwo ndiwaika makatani."