Manda a Kumalayini

Pa siteji ya minibasi ku Bangwe, a Lucius anaima atasenza khasu, nkhope ili gwaa. Mayi wogulitsa nthochi anawayang'anitsitsa.

"Kumunda ndi jekete, bambo?"

"Kumanda, mayi. Amayi anga atisiya dzulo. Ananeneratu kuti tikawaike pambali pa amuna awo, kumalayini akale a fakitale kuja."

"Kuja anthu onse anasamukako, mankhwala atalowa m'zitsime?"

"Komweko. Adzukulu akana kukumba, akuti dothi lake limasupula manja. Ndawachonderera mpaka kukhosi kwauma."

"Ndiye mukakumba nokha? Mwana sakumba manda a mayi ake."

"Ndikudziwa, mayi. Kuyambira m'mawa aliyense akundiuza zomwezo. Koma wondilandira khasuli ndiye sanapezeke."