Mayi Keziya Chalera ndi Mchere wa Chisankho

Malemu amene atisonkhanitsa pano, Mayi Keziya Chalera, anabadwa pa 9 Juni 1952 m'mudzi muno mwa Kambwata, kwa mfumu yaikulu Mavwere, m'boma la Mchinji. Mafumu onse, abambo mfumu ndi akuluakulu a mpingo, adzukulu ndi anamalira nonse, ndibwerekeni makutu kwa kanthawi. Ine ndine Stefano, mlongo wawo wa malemu, wowapondera pamutu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi.

Amayi athu ankatiuza kuti tsiku limene alongo angawa anabadwa, nkhungu inagona padambo mpaka dzuwa kufika paliwombo, moti anthu opita kumunda ankangomvana mawu osaonana nkhope. Ankati mwina nchifukwa chake mwanayo anakula akuona zinthu zimene enafe sitinkaziona. Kuyambira ali aang'ono, malemu sankayamba tsiku asanafotokoze zimene alota. Ife tikufuna kuthamangira kumunda, iwo ali pakhomo akutiuza za ng'ombe zoyera zimene zimawoloka Bua osanyowa. Tinkawaseka, koma tsiku limene sanalote, pakhomo pankakhala ngati pachoka munthu.

Mu 1960 anayamba sukulu ku mishoni ya Guilleme. Aphunzitsi ankadandaula kuti mtsikanayu maso ake amangokhala pawindo, koma akamufunsa samu amayankha molondola maso ali komweko. Anafika Sitandade 6 mu 1966, chaka chimene abambo athu anatisiya, ndipo anabwerera kunyumba kudzagwira khasu limodzi ndi amayi.

Pa 14 Ogasiti 1971 anamanga ukwati woyera ku Guilleme ndi malemu a Jailosi Chalera, amene ankayendetsa malole pakati pa Lilongwe ndi Chipata. A Jailosi anadzakhala chikamwini m'mudzi muno, ngakhale kunena zoona mkamwini wake tinkamuona kawiri pamwezi. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi, ndipo awiri anatsogola ali akhanda. Munda wa mtedza ndi wa chimanga unali m'manja mwa malemuwa. Mtedza wa chalimbana wa kwa Keziya unkadziwika mpaka ku Boma.

Mu 1993, nthawi ya riferendamu, malemu anali m'gulu la amayi oyamba kuno kulankhula poyera kuti munthu wa kumudzi nayenso ali ndi mawu. Zipani zambiri zitabwera mu 1994, kunabweranso mavenda ambiri ogula mbewu, aliyense ndi sikelo yake. Chaka chomwecho a Jailosi anawabweretsera kuchokera ku Chipata sikelo yokoleka pamtengo. Malemu anayeza thumba lawo la mtedza pakhomo, nakaliyezetsanso kumsika, ndipo anapeza kuti thumbalo laonda panjira. Anabwerako akuseka, nati sankadziwa kuti mtedza umatuluka thukuta ukayenda makilomita atatu.

Mu 1995 anasonkhanitsa amayi 23 nayambitsa Kalabu ya Tiyanjane. Lamulo lake linali limodzi: yeza kwanu usanapite kwa wogula, ndipo tigulitse pamodzi. Ankakumana pamjigo, pachigayo, ndi pambuyo pa mapemphero a mphakati. A Jailosi anamwalira mu 1997, ndipo ambiri tinkayesa kuti kalabu ithera pomwepo, koma inakula mpaka kufika midzi isanu ndi iwiri.

Chimene malemu ankafuna ndi mtima wonse chinali shedi ya alimi pamsika wathu wa Lachitatu, pomwe mlimi aliyense angayeze mbewu yake asanakumane ndi wogula. Panali malo opanda kanthu kuseri kwa mtengo wa mango. Amene munkapita kumsika mukukumbuka mmene ankachitira pamalopo. Ankazungulira makoma amene panalibe. Ukadutsa pakati, ankakubweza kuti wadutsa pakhoma, kalowere pakhomo. Ankakusonyeza pomwe padzakhale windo, pomwe padzakolekedwe sikelo, ndi benchi ya amayi oyembekezera. Ine ndemwe tsiku lina ndinadzipeza ndikuwerama polowa, kuopa kugunda mutu pa chinthu chomwe kulibe.

Koma malo a pamsika amaperekedwa ndi khonsolo. Nchifukwa chake chisankho cha makhansala chitalengezedwa mu 2000, amayi a Tiyanjane anawakakamiza kuti aime paokha, opanda chipani, m'wodi yathu ino. Kampeni yawo inali ya wapansi ndi njinga yobwereka. Analibe nsalu, analibe chimkuzamawu. Ankakhala pansi ndi anthu, akusenda nawo mtedza, nkumakambirana. Mwezi wa Okutobala ukutha, ngakhale mwana ankadziwa kumene mphepo ikulowera.

Amene ankapikisana nawo anali a Wilson Kapalamula, ochita malonda a mbewu kuno ndi ku Zambia, amene ali nafe pano lero. A Kapalamula mundikhululukire, sindikuimba mlandu munthu pamaliro, ndikungowerenga mbiri. Lole yawo inazungulira midzi yonse ndi zitenje, sopo, timapepala ta K50 ta abambo, ndi mapaketi a mchere a amayi. Amayi a kalabu anabwera kudzafunsa malemu ngati alandire kapena akane. Malemu anawauza kuti alandire, pakuti m'nyumba zambiri ndiwo zinkadyedwa zopanda mchere, ndipo munthu akalowa m'kachipinda koponyera voti amakhala yekha ndi Mulungu wake. Mawu amenewa ndiwo anawadandaula moyo wawo wonse.

Kutatsala sabata imodzi, kunabuka mphekesera yakuti mchere uja unayamba wapita kwa sing'anga kutsidya kwa malire. Ankati mayi amene wathira mcherewo m'ndiwo nakavotera wina, adula ana ake, atupa miyendo ngati tsempho. Amene anayambitsa nkhaniyi sitikumudziwa mpaka lero. Koma inu nonse mukudziwa kuti kwathu kuno mchere si chinthu choseweretsa. Mayi amatha kukana kuthira mchere m'mphika wake womwe, kuopa kupweteka a m'nyumba mwake. Tsono apa mchere unali utadyedwa kale nyumba iliyonse. Mwatsoka, masiku omwewo mwana wa Mayi Tabeth, mlembi wa kalabu, anayamba kutupa mapazi. Kuchipatala anadzanena pambuyo pake kuti kunali kuchepa kwa magazi, koma apo nkuti madzi atatayika kale.

Malemu anayenda khomo ndi khomo ndi paketi ya mchere womwewo. Ankaunyambita pamaso pa anthu, nkunena poyera kuti iwo adzivotera okha ndipo satupa. Amayi ankangoyang'ana pansi. Mmodzi anawayankha kuti iwo a Keziya ana awo ndi aakulu kale, alibe wa kumsana woti amuopere.

Pa 21 Novembala 2000 tinakaponya voti pasukulu. Mzere wa amayi unali wautali ndi wachete, ndipo palibe amene anawayang'ana malemu m'maso. A Kapalamula anawaposa ndi mavoti 41. Malo a kuseri kwa mango aja anaperekedwa kwa ena, ndipo lero pali golosale.

Sindinawamvepo akutukwana munthu pa nkhaniyi. Ankati wolakwa ndi iwo, chifukwa anaphunzitsa anzawo kulandira uku mtima uli kwina, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Kuyambira pamenepo sanalandirenso kanthu kwa munthu wofuna mpando, ngakhale kukwera galimoto yake mvula ikugwa. Chimene chinawapweteka kwambiri si kugonja ayi. Anzawo a kalabu anachita manyazi, nayamba kuwazemba. Amayi amene ankatunga nawo madzi zaka makumi awiri anayamba kudikira kuti Keziya achoke pamjigo. Kalabu inabalalika popanda wonena kuti yatha. Kwa miyezi ingapo alongo anga anasiya kutiuza maloto m'mawa, ndipo ine ndinachita mantha.

M'chaka cha njala cha 2002 anali m'gulu la amayi a mphakati amene ankaphikira ana phala kutchalitchi. Sankafunsa kuti uyu ndi mwana wa yani. Mu 2003 anayambanso kuyendera anzawo mmodzimmodzi, osatchula za chisankho, nkumangofunsa za mbewu ndi za ana. Amayi asanu ndi awiri anabwerera, ndipo chaka chatha anagulitsanso mtedza pamodzi. Ena anakhalabe patali, ndipo malemu ankawatchula mayina kawirikawiri, kufunsa ngati ali bwino.

Mu Ogasiti 2003 anayamba kudandaula kuti mtima ukuthamanga ndipo mpweya ukuwachepera. Anagonekedwa pachipatala cha boma ku Mchinji mu Januwale chaka chino, nabwerako, nagonekedwanso pa 12 Epulo. Madokotala ndi anamwino anayesetsa. Kuchipatalako maloto anachuluka. Tsiku lina ankati ali kudimba ndi a Jailosi, tsiku lina akuti amayi athu akuwapesa tsitsi pansi pa nkhokwe.

Lamlungu lapitali ndinawapeza akuseka okha pabedi. Anandiuza kuti alota maliro awo omwe, ali ndi zimkuzamawu, ndipo pabokosi pawo pamatidwa chithunzi cha munthu wina. Atatha kuseka anandigwira dzanja mwamphamvu. Mukudziwa kuti ino ndi nyengo ya kampeni, chisankho chili pa 20 Meyi, ndipo masiku ano maliro akagwa, bokosi limafika msanga kuposa uthenga. Anandilumbiritsa kuti asadzagone m'bokosi la munthu wofuna voti. Anati kukasowa matabwa, tidzawakulunge mumphasa monga ankachitira makolo athu. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, pa 27 Epulo 2004, ali ndi zaka 51.

Dzulo m'mawa lole ya a Kapalamula, amene akupikisananso pachisankho cha chaka chino, inafika ndi bokosi lokongola, lonyezimira, la zogwirira zachitsulo. Ndisabise, m'banja munali mkangano. Ana ankalira kuti amayi awo avutika moyo wonse, asapitenso mumphasa ngati analibe abale. Mtedza sunagulitsidwe, matabwa panalibe. Ine amene ndinalumbira ndinayamba kufooka, nkumadziuza kuti wakufa saona. Dzuwa linapendeka tisanagwirizane.

Kenaka tinaona amayi anayi akubwera m'njira ya kudambo, atandondozana, aliyense atasenza chitseko pamutu. Anali Mayi Tabeth, Mayi Luwiza, Mayi Dyna ndi Mayi Emmie, onse a kalabu yakale, mwa aja amene sanabwerere. Anali atazula zitseko za nyumba zawo. Anazitula pakhomo pano, nakakhala pansi pasiwa. A Rodrick akalipentala anatenga sowo, ndipo bokosi limene mukuliona kutsogoloku ndi lomwelo. Lole ya a Kapalamula tinaipempha kuti idikire kumsewu.

Mayi Tabeth andipempha kuti ndinene izi pamaso pa anthu onse, ndipo anzawo atatu avomereza. Akuti mu 2000 iwo anayiwa sanawavotere Mayi Keziya. Anaopera ana awo. Akuti zaka zitatu ndi theka akhala akufuna kubwera kudzanena, koma tsiku lililonse ankati mawa. Ndanena monga mwandituma, amayi. Ine ndikuyankhani mmene ndikuwadziwira alongo anga: ankadziwa kale, ndipo ankakudikirani.

Malemu asiya ana anayi, a Jobson, a Tawina, a Kelvin ndi a Rabson, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi ife alongo awo awiri.

Banja likuthokoza mafumu potipatsa malo kumanda, abambo mfumu ndi kwaya, amayi a mphakati amene akhala nafe kuyambira Lachiwiri, ogwira ntchito kuchipatala, ndi nonse amene mwabwera ndi ufa, nkhuni ndi mapemphero, ena kuchokera ku Chipata ndi ku Lilongwe. A Kapalamula, tikuthokoza kuti mwabwera nokha kudzalira nafe. Bokosi lanu libwerera momwe linabwerera, ndipo musatitengere kumtima, tikungosunga mawu a mwini maliro. Abambo a m'mudzi muno, tikachoka kumanda tisabalalike. Mphepo ya Juni ili pafupi, ndipo nyumba zinayi zili pululu.

Adzukulu, munyamule mosamala. Matabwawo ndi osafanana, mbali imodzi ndi yolemera, ndipo thabwa la kumutu likadali ndi chogwirira loko, lingakukaleni paphewa.

Alongo anga Keziya, anzanu aja abwera, ali pomwepa pambali panu. Pitani bwino. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uwuse mumtendere.