Dengu la Chinangwa Limene Ndinakana Kusenza

Moni omvera nonse. Ndine bambo wa ku Kanyenda kuno ku Nkhotakota, koma dzina langa ndisalitchule.

Ndinakula ndikukhulupirira kuti ntchito ya mwamuna imathera m'bwato. Ndikachoka kunyanja ndinkangodikira madzi osamba ndi kondowole. Zikachedwa, mkazi wanga ndinkamunyanyalira masiku awiri.

Tsiku lina, ali ndi pathupi pa miyezi isanu, anandiuza kuti, "Bambo, msana ukundipweteka. Kandivuulireniko chinangwa ndinaviika kudambo chija, chingawole."

Ndinaseka. "Ine kusenza dengu? Anzanga a pabawo andione? Nanga iwe ndinakukwatiriranji?"

Anatenga dengu n'kupita yekha. Pobwerera anaterereka, katundu ali pamutu. Amayi amene anamutola ndiwo anandipeza pabawo paja ndikuseka. Kuchipatala anatiuza kuti wapita padera.

Atatuluka sanandilalatire. Anangoti, "Chinangwa chanu chinatayikira m'njira ya kudambo," kenako ananyamula zovala zake n'kupita kwa mayi ake ku Mwadzama. Ankhoswe apitako kawiri, koma wakana kubwerera. Sindimuimba mlandu.

Lero chinangwa ndimaviika ndekha, kuvuula ndekha, kusinja ndekha. Dengu lomwe lija ndimadutsa nalo pabawo pomwepo lili pamutu, madzi akuchuchira m'khosi. Palibe amene amandiseka. Palibe ngakhale amene amadzutsa mutu.

Abambo anzanga, mwana wanga ndinamutaya poopa maso a anthu amene sandiyang'ana n'komwe.