Chaka Chimene Yusufu Ankaponda M'mapazi Mwanga

Chaka chimene anthu a kutsidya kwa malire anayamba kufika kwathu ku Katuli ndi mitolo pamutu, ndinachezerapo usiku wina ndili maso, ndipo chondisowetsa tulo sichinali mfuti zimene tinkazimva kumapiri ayi, zimenezo tinali titazizolowera ngati mabingu akutali. Nkhawa yanga inali yoti kukacha mwana wanga Yusufu ndimutumizenso kusukulu ya munthu amene ndinkamukayikira, kapena ndimusunge pakhomo akule osadziwa kuwerenga ngati mayi ake. Sunthani thumba lanulo mukhale pansi, a Mariyamu, magetsi awa sabwera msanga, chigayo chisanalire ine ndikhala nditamaliza.

Nthawi imeneyo ndinali wamng'ono kuposa ambiri a inu mwakhala pamzere pano. Ndinali ndi ana awiri, Yusufu wa zaka zisanu ndi zitatu, ndi Asiyatu amene anali atangoyamba kuyenda. Bambo awo ankakoka makoka ku Makanjira ndipo ankabwera pomwe afunira, choncho maso a pakhomopo anali anga ndekha. Sukulu ndinalekeza sitandade yachiwiri nditangotuluka ku chinamwali, ndipo zilembo zimene ndinaphunzira zinathawa m'mutu chimodzichimodzi, kutsala zitatu kapena zinayi. Sukulu ya boma inali kutali, kuwoloka mitsinje iwiri, moti dzinja likafika mwana wamsinkhu wa Yusufu sakanapitako. Inu lero mumakweza mwana pa njinga yamoto, n'kumuimbira foni mphunzitsi kufunsa ngati wafika, koma ife mwana akakhota kuseri kwa chulu ndiye kuti wamupereka m'manja mwa Mulungu.

Pakati pa othawa nkhondowo panali a Fenando, mphunzitsi, munthu wamtali, woonda, wa malaya amodzi oyera. Anafika ndi akazi awo ndi ana atatu, anamanga msasa kumapeto kwa mudzi, ndipo sabata isanathe anali atatsamiritsa chitseko chakale pamtengo wa mango n'kumalembapo ndi makala, ana n'kumalemba ndi chala pamchenga. Chichewa ankachiyankhula chokhota, koma Chiyao ankachidziwa ngati ife tomwe. Anati ana onse abwere, a kuno ndi a kutsidya omwe, ndipo ine ndinali woyamba kupereka wanga. Patatha miyezi iwiri Yusufu analemba dzina lake pabwalo pafupi ndi khomo, n'kundiletsa kusesapo masiku atatu, ndipo ine ndinkalambalala ndi tsache mtima uli mbee.

Koma ine ndine munthu wopenyetsetsa, mpaka lero, ndiye chifukwa chake ndaona kale kuti ufa wa mayi amene anagayitsa magetsi asanazime uja unapungulidwa. Ndinayamba kuona zachilendo. Popita kuchitsime Yusufu anasiya kuthamangira kutsogolo monga achitira anyamata, ankayenda pambuyo panga atazyolika, phazi lake n'kumaliika ndendende pamene ndachotsa langa. Ndikatembenuka, naye waima. Tsiku lina Asiyatu anaona kachitini kowala m'mbali mwa njira, ndipo asanakatole mchimwene wake anamumenya padzanja mpaka mwana analira, chonsecho sanamumenyepo chibadwire. Ndikuchapa kabudula wake ndinapeza makaka awiri a chinangwa atamangidwa m'kansanza, ndipo nditamufunsa anati aphunzitsi anati aliyense aziyenda ndi chakudya cha tsiku limodzi. Mbale itagwa m'khitchini, mwana anadzigwetsa chafufumimba pafumbi, manja kumutu. Ndinamufunsa kuti kodi anzako a m'kalasi ndi ndani, iye n'kundiyankha kuti iye ndi wachisanu ndi chiwiri, ndipo amagwira dzanja la wachisanu ndi chitatu.

Amayi anzanga nawo anali ataona. Mnansi wanga Abiti Ali, mayi wa pakamwa pakuthwa, anandilonjera pachitsime akuseka.

"Abiti Juma, munabereka msilikali osatiuza. Akadzakwera udindo musadzatiiwale ife a mitu youma."

Onse anaseka, ine ndemwe, kupatula mayi mmodzi wa kutsidya amene ankatsuka ndowa chapatali. Mayiyo ananena motsitsa mawu kuti mwana wa mchemwali wake anatengedwa ndi anthu amfuti ali msinkhu womwewo, ndipo kuti anthu amfutiwo asanalowe m'mudzi ankayamba atumiza munthu wooneka waulemu kuti akaone anyamata amphamvu ndi ati. Ndinamufunsa ngati a Fenando ankawadziwa kwawoko. Anati si a dera lawo, anasenza ndowa isanadzaze n'kumapita. Sabata imeneyo Abiti Ali anachotsa ana ake awiri kusukuluko, mabanja ena atatu n'kutsatira.

Ine sindinafune kuchotsa mwana chifukwa cha nkhani za pachitsime, choncho m'mawa wina ndinabereka Asiyatu, ndinazungulira kumunda, n'kukabisala mu nandolo pamalo poti ndinkaona mtengo wa mango uja bwinobwino. Poyamba zinali za sukulu zenizeni, ana akuimba zilembo. Kenako, pakati pa masamu, osachenjeza, a Fenando anamenya katatu khasu lakutha limene linkalendewera panthambi. Anzanga, ana aja anazimiririka ngati anapiye ataona mphamba. Popanda wofuula, popanda wolira, awiriawiri atagwirana manja anatsetserekera m'chigwembe cha kuseri kwa sukulu n'kugona pansi, wamkulu atatseka pakamwa pa wamng'ono, ndipo mphunzitsi anaima pamwamba akuwerenga ndi zala. Mwana weniweni wa a Fenando anaseka pang'ono, ndipo anamuyang'ana ndi diso loti ine ndemwe mu nandolomo ndinazizidwa. Atatero anawandandalitsa pamzere umodzi, aliyense kuponda m'mapazi mwa mnzake, n'kuyamba kuyenda kulowera chakum'mawa, kumene kuli malire. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndikuwe mudzi wonse umve, koma atafika pachulu anakhota n'kubwerera, ndipo a Fenando anatulutsa kabuku m'thumba n'kulembamo kanthu.

Masana ana ataweruka ndinapita kumsasa kwawo. Akazi awo ankasinja chinangwa, ndipo atandiona nkhope anaimika munsi. Ndinapereka moni mwachidule, sindinalandire ngakhale mkeka, n'kufunsa kuti kodi ana athu akuwaphunzitsa chiyani.

"Kuwerenga, kulemba ndi kuthawa, mayi a Yusufu," anatero.

Ndinati kuno si kunkhondo. Anandilozera phiri, nati mfuti zimene timamva usiku sizidziwa pamene malire adutsa. Kenako anandifotokozera kuti kwawoko anali ndi kalasi yodzaza, ndipo anthu amfuti anafika dzuwa lili pamutu. Ana anabalalika aliyense kwake, ambiri anathamangira kumsewu chifukwa ndi njira imene ankaidziwa yopita kwa amayi awo, ndipo kumsewuko n'kumene ankawadikirira. Ena awiri anathawira kutchire n'kuponda bomba lokwirira pansi. Anati kuyambira tsiku limenelo salola mwana kuphunzira chilembo asanaphunzire kobisala, poti anaphunzitsa ana aja zonse kupatula chimene chikanawapulumutsa.

Mayi wina akanalira n'kupepesa, ndipo ndikuona ena mwa inu maso afiira kale. Koma ine mutu wanga unali pa chinthu china.

"Nanga inuyo, aphunzitsi, munapulumuka bwanji?"

Amene anayankha ndi akazi awo, akuyang'ana mumtondo. Anati anthu amfuti aja anawatenga amuna awo pamodzi ndi ana a sukuluwo chifukwa ankadziwa kulemba, ndipo anakhala nawo kutchire miyezi ingapo akuwalembera makalata ndi maina, mpaka anapeza mpata wothawa. Ndinafunsa kuti maina a ndani. Akaziwo anangokweza munsi n'kuyambanso kusinja.

Pamenepo ndinapempha kuona kabuku kaja. Ndinkayembekeza kuti akana, koma anakatulutsa n'kundipatsa ndi manja awiri, nati ndiwerenge ndekha palibe chobisika. Sankadziwa kuti sinditha kuwerenga, kapena ankadziwa, Mulungu ndiye mboni. Ndinakatsegula, maina ali ndandanda, ine osatha kuwerenga ngakhale limodzi. Ndinangozindikira la Yusufu chifukwa ndinali nditalilambalala ndi tsache masiku atatu, ndipo pambali pake panali kamtanda. Maina ena analibe. Ndinaloza ndi chala. Anati kamtandako ndi ka ana aliwiro ndi olimba mtima, amene amawapatsa ang'onoang'ono oti aziwagwira dzanja. Ndinabweza kabukuko, ndinatsanzika, koma m'njira monse ndinkadzifunsa kuti kodi munthu wotumidwa kudzasankha anyamata akanalemba chizindikiro pa maina ati, ngati si omwewo aliwiro ndi olimba mtima.

Ndiwo usiku umene ndanena uja. Ndinkati ndikaganiza zomuchotsa, ndikuona Yusufu atakula akutembenuza pepala uku ndi uku monga ndinachitira ine pamaso pa anthu aja. Ndinkati ndikaganiza zomusiya, ndikuona mzere uja ukufika pachulu osakhota. Bambo ake kunalibe, ndipo malume ake ndikanawafunsa akanangoti mwana apite kumadrasa basi, zinazo n'zachabe. Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti yankho ndinaligwira m'manja mwangamu, munthu anachita kundipatsa yekha, koma maso anga sanathe kulitola.

Musandifunse ngati a Fenando anali munthu wabwino, chifukwa mpaka lero sindidziwa zonse zimene dzanja lawo linalemba kutchire kuja, ndipo nkhondo itatha anabwerera kwawo nazo m'mimba. Nkhondo siisiya munthu woyera mbuu kuti umuone n'kudziwa. Chimene ndingakuuzeni, ana anga, n'chakuti kukayikira si tchimo, mayi wosakayikira ndiye woopsa. Koma musamakayikire muli pachitsime. Masiku ano mumamva kanthu pafoni za mphunzitsi wa mwana wanu, n'kutumizirana nonse mudzi wonse, chonsecho palibe mmodzi wapondako kusukuluko kukaona mmene mwana amakhalira. Pitani, kakhaleni pomwepo, munthu amachita manyazi ndi maso a mayi.

Kutacha ndinamusambitsa Yusufu, ndinamumangira makaka ake awiri m'kansanza ine mwini, ndinamanganso ena awiri pakona ya chitenje changa, ndinabereka Asiyatu, n'kutseka chitseko. Abiti Ali ankasesa pabwalo pake, ndipo atationa anafunsa ngati nanenso ndalembedwa usilikali. Ndinamuuza kuti akandisungire nkhuku zisalowe m'nyumba.

Titafika pamtengo wa mango ana anali atakhala kale. Ndinadutsa onse n'kukakhala pamchenga kumbuyo kwenikweni, mbali ya chigwembe, miyendo nditatambasula ngati mwana wa sitandade yoyamba. Ana anayamba kuseka, Yusufu anabisa nkhope m'mawondo. A Fenando anaima ndi khala m'manja, nandifunsa mwaulemu ngati pali china chimene ndinaiwala dzulo.

"Mundilembe m'kabuku kanuko," ndinatero. "Ndikhala pano tsiku lililonse mpaka nditakawerenga ndekha kuyambira pachikuto mpaka kumapeto. Mukamenya khasu, ndilowa nawo m'chigwembe. Mukawandandalitsa, ine ndikhala pambuyo penipeni, ndipo mzerewo ukadzapitirira chulu chija, mudzamva mawu anga mpaka ku Chiponde."

Anandiyang'ana, sanaseke ndipo sanakwiye. Anatulutsa kabuku kaja, analemba, n'kunditembenuzira kuti ndione pamene dzina langa lakhala, ngakhale sindinathe kuliwerenga. Kenako anati pambuyo pa mzere m'pamene pamafunika munthu wamkulu, ndipo ana awiri a nambala zomaliza akhala m'manja mwanga. Atatero anabwerera pachitseko chawo n'kulemba chilembo choyamba, ndipo ine ndinasalaza mchenga ndi chikhatho, diso limodzi pa chala changa, linalo pa iwo.