Mbiri ya a Lyson Makisoni, Wojambula Mathithi

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1984 m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntumanji, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndikuwerengane ndine Edwadi, mkulu wawo. Fomu 4 analembera ku Songani mu 2003.

Mu 2005 anagula kamera yakale n'kuyamba kujambula maukwati, asodzi a ku Kachulu ndi zithunzi za pa ziphaso. Mu 2009 anamanga banja ndi Mayi Patricia.

Mu 2012 anayamba kukwera phiri la Zomba kukajambula mathithi. Ankaimika kamera pa miyendo itatu, kuiphimba ndi galasi lakuda, n'kuisiya yotsegula masekondi angapo osaigwedeza, ndipo madzi ankatuluka pachithunzi osalala ngati nsalu yoyera. Chithunzi chimodzi ankachidikira tsiku lonse. Akabwera ankachikonza pa laputopu, kuchepetsa kuwala ndi kudzutsa mtundu wa miyala, koma kuikapo chimene panalibe ankakana. Akwatibwi ofuna kuyeretsedwa khungu ankawabweza.

Pa 9 Febuluwale chaka chino anaterereka pamwala kumathithiko n'kuthyoka msana. Anagonekedwa ku chipatala chachikulu cha Zomba miyezi iwiri.

Apa ndipepese, abusa, ndilankhula mosabisa. Malemu ali pabedi, alamu athu akugona pansi pambali pawo, m'bale wathu wina anapita kunyumba kwawo n'kuuza ana kuti watumidwa kukasunga kamera ndi laputopu. Palibe anamutuma. Anakagulitsa. Titaipeza laputopuyo kwa amene anagula, zonse zinali zitafufutidwa. Ntchito ya zaka khumi ndi zitatu! Zithunzi za ubatizo wa ana awo, za mayi athu asanamwalire, za mathithi amene awapweteka aja, zonse!

Malemu ankapempha tsiku lililonse kuti tiwabweretsere laputopuyo aziona zithunzi zawo. Tinawanamiza milungu itatu kuti ili kokonzedwa. Tsiku limene tinawauza zoona sanatukwane, sanalire. Anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo sanatchulenso za kujambula mpaka pamene anatisiya pa 11 Epulo.

Chithunzi mukuchiona pabokosichi tachita kukulitsa cha pa chiphaso chawo cha unzika. Munthu amene anajambula theka la inu muli pano! Wogulitsa kamera ndi laputopu uja ali pakati pathu pompano, ndipo usiku anaimba nawo nyimbo. Dzina sinditchula pamaso pa maliro, koma mawa pa nkhani za banja adzayankha.

Malemu asiya mayi a kunyumba ndi ana atatu, Pemphero, Faith ndi Dan. Tikuthokoza anamwino, amvano, adzukulu, komanso asodzi a ku Kachulu amene anasonkha ya galimoto yonyamula thupi. Aliyense amene ali ndi chithunzi chojambulidwa ndi malemu, chonde abweretse anawa aoneko dzanja la bambo awo.

Lyson, mng'ono wanga, tinalephera kukusungirani zanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.