Azakhali Achapa Chisoni

Kunatsala ola limodzi kuti adayirekita asankhe wodzatenga gawo lalikulu m'sewero latsopano, gawo la mayi amene nyumba yake yapsa. Kamoto, mtsikana amene kwa zaka ziwiri ankangopatsidwa gawo la mtengo ndi la wonyamula thireyi, analowa chothamanga m'chipinda chosokeramo cha azakhali ake, telala wa madiresi a akwati, kudzatenga diresi limene anatha masiku atatu akuliwononga mwadala.

"Azakhali, diresi lija lili kuti?"

"Liti?" Azakhali sanadzutse n'komwe mutu pa mashini.

"Lobiriwira lija. Ndinalisiya pampando apa."

"Oo, chisanza chija! Suzumira kuseri kwa chitseko. Usavutike n'kuthokoza, ndiwe mwana wa achimwene anga."

Kamoto anasuzumira. Diresi linali pa hang'ala, lowala, lonunkhira sopo, lositidwa mpaka kolala kuima ngati msilikali.

"Mayooo! Mwalitani?"

"Ndaliviika, ndalichapa kawiri, ndasoka zibowo zonse zisanu ndi ziwiri. Mabatani anatsala atatu okha, ndiye ndaika atsopano."

"Nanga tiyi ndinathira pachifuwa uja?"

"Anakakamira. Koma ine ndinakakamira kumposa."

"Mafuta a njinga aja?"

"Mandimu ndi sopo, mwanawe. Uzifunsa, ndidzafa nazo nzeruzi."

Kamoto anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Masiku atatu, azakhali! Ndinalikwekweza pa simenti, ndinalipondetsa njinga, ndinaliwaula ndi kandulo!"

"Ndinaona. Ndimati ndikufunse kuti linakulakwira chiyani."

"Ndi la sewero! Ndikukakhala mayi amene nyumba yake yapsa!"

Mashini anaima. "Kalanga ine! Ana atuluka?"

"Ana ati?"

"A mayiyo."

"Atuluka onse, azakhali."

"Ndiye akulira chiyani? Nyumba amamanganso. Tamvera, m'kabatimo muli madiresi awiri amene eni ake sanabwere kudzatenga. Ukampatse. Amavala saizi yanji?"

"Mayiyo kulibe! Mayiyo ndine!"

"Iwe nyumba yako ndi ino, ndipo ili bwinobwino. Usatilodze."

Kamoto anapuma mozama, monga anawerengera m'buku lina lophunzitsa zisudzo limene anagula lopanda chikuto. "Azakhali, mvetserani. Anthu akangondiona pasiteji, ndisanatsegule pakamwa, ayenera kudziwa kuti mayi uyu waona zakuda. Diresi liyankhule."

"Likuyankhulatu. Likuti mayi uyu ali ndi abale."

"Liyenera kunena kuti wathawa moto!"

"Moto umawotcha, sung'amba. Zibowo zija zinachokera kuti?"

"Anagwa pothawa."

"Kasanu ndi kawiri? Mayiyu amamwa?"

"Samwa!"

"Nanga matope aja? Moto ndi mvula tsiku limodzi? Mvulayo inalephera bwanji kuzimitsa?"

"Zaluso izi, azakhali! Zaluso musamazikhudze! Musamazikhudze ngakhale ndi chala!"

"Ehe, ndamva. Ine ndakhudza nsalu, zalusozo sindinazione."

Kamoto anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kuvala diresi lija mwaukali. Linamukhala ngati anabadwa nalo.

"Taonani! Ndalipanikizako pang'ono m'chiunomu," anatero azakhali monyadira. "Ungakwatiwe nalo Loweruka."

"Mundipatse sizasi."

Azakhali anakhalira sizasi.

"Azakhali, dzukani."

"Chikwangwani changa chili pamsewu apo, chokhala ndi chithunzi cha mkwati. Iwe utuluke pakhomo pano utavala nsanza, ukakwere basi, anthu azifunsana kuti mwanayu amakhala ndi ndani? Amakhala ndi telala uja. Undiphere ntchito ine chifukwa cha mayi wosasamala makandulo?"

"Ndiye ine gawo lindipite? Mukudziwa amene ndikulimbirana naye? Mlamu wa adayirekita! Munthu woti akamalira amaoneka ngati akufuna kuyetsemula! Zaka ziwiri magawo onse abwino ndi ake, ine mtengo!"

"Unali mtengo wabwino. Ndinabwera kudzaonera. Sunagwedezeke olo pang'ono."

"Lero lokha gulu lonse la zisudzo lakakamiza adayirekita kuti atiyese tonse awiri poyera. Lero lokha! Mwayi sudziwika kuti ubweranso liti!"

"Ndiye ukamgonjetse ndi ukhondo."

Kamoto analuma mano, n'kukoka dzanja la diresi ndi mphamvu zake zonse. Nsalu sinalire n'komwe.

"Ndasoka kawirikawiri," anatero azakhali. "Koka ndithu. Ulusi umenewo unagwira mkwati wina wonenepa mpaka phwando kutha."

Kamoto anadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduzika, kuchokera pa mashini mpaka pachitseko, kubwereranso. Anadzuka n'kudziyang'ana. Diresi linawala kuposa poyamba.

"Ndakolopa m'mawa," anatero azakhali. "Ndapakanso polishi."

"M'nyumba muno mulibe fumbi ngakhale la mankhwala?"

"Unditukwane zina, osati zimenezo."

"Chabwino! Diresi lalephera, nkhope igwira ntchito." Kamoto anathamangira pagalasi, natulutsa pensulo yakuda ya m'maso, n'kuyamba kudzidetsa m'munsi mwa zikope. "Mayi uyu sanagone masiku atatu."

"Bwanji sanabwere kuno? Matiresi alipo."

"Azakhali!"

"Dikira, wadzipaka chinthu apa." Kamoto asanazindikire, azakhali anali atanyowetsa kale hanki ndi malovu, dzanja lina litamugwira chibwano. Kupukuta kuwiri, diso lamanzere linayera.

"Mwafufuta masiku atatu osagona!"

"Mbali imodzi yokha. Bweretsa inayo, ukuoneka ngati wamenyedwa."

Kamoto anathawira mbali ina ya tebulo, akusokoneza tsitsi ndi zala zonse khumi. "Tsitsi lokha musaliyandikire."

"Sindiliyandikira." Azakhali ankamutsata pang'onopang'ono, chipeso chitatuluka chokha m'thumba la epuloni. "Koma tandiuza, mayiyu mwamuna wake ali kuti?"

"Anamuthawa."

"Ayi ndiye basi! Ndiye basi! Pamenepo mpofunika lipisitiki. Mwamunayo akabwera kudzaona phulusa, ampeze mayiyo akuwala, alire ndi iyeyo. Khala pansi."

"Sindikhala!"

"Wofiira kapena wa pinki?"

"Mukundipesa! Azakhali, mukundipesa!"

"Dzanja langa ili, ine sindikudziwako."

Anazungulira tebulo kawiri, mtsikana patsogolo, chipeso pambuyo. Ulendo wachitatu Kamoto anaona sizasi ili yokha pampando, n'kuilumphira. Azakhali anamugwira lamba wa diresi. Kamoto anakoka, azakhali anakoka. Dzanja la diresi linakola pa chogwirira cha kabati.

Kwaaa!

Linang'ambika kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Kamoto anapepesuka n'kugunda tebulo. Kapu ya tiyi wozizira wa azakhali inamukhuthukira pachifuwa. Kabotolo ka mafuta a mashini kanagubuduzika n'kumudonthezera pamwendo, ndipo chitini cha phawuda wa akwati chinagwa pamwamba pa kabati, phuu, pamutu pake penipeni.



Kenako Kamoto, atakhala pansi chotambalala, nsapato imodzi itavuka, anayamba kulira. Sikunali kulira kwa m'buku lopanda chikuto kuja. Kunali kulira kwenikweni, kwa mamina, kwa mapewa ogwedezeka.

"Zaka ziwiri... mizere yonse ndinailoweza m'bafa... ndimayesera kulira m'basi mpaka kondakitala kundifunsa kuti wamwalira ndani... ndipo lero ndikakhalanso mtengo!"

Misozi inatenga zakuda za diso lamanja n'kuzitsitsa mpaka pachibwano, ikusema tinjira m'phawuda.

Azakhali anabwerera m'mbuyo, dzanja pakamwa. Chipeso chinagwa.

"Mayi wanga ine," ananong'ona. "Mwanawe, ukuoneka ngati munthu woti nyumba yake yapsa."

Kamoto anasiya kulira pakati. Anakwawa mpaka pagalasi. M'galasimo munali mayi wa tsitsi lodzaza phulusa, diso limodzi lakuda, lina lofiira, phewa pamtunda. Mayi woti ukakumana naye panjira, umavula jekete n'kumufunditsa usanafunse dzina.

"Eee," anatero Kamoto. Anatembenuzira nkhope uku ndi uku. "Eeee! Azakhali! Ndi ameneyu! Mlamu wa adayirekita akayetsemule kwawo!"

"Bwera ndikupukute kaye mphuno yokha."

"Musayerekeze! Mphuno imeneyi ndiye ikanditengere gawo!" Analumpha, akuseka misozi ili chitsikire, natola chikwama, nsapato inayo n'kuisiya dala. "Kwatsala mphindi makumi awiri. Ndikathamanga ndikafika ndi wefuwefu weniweni!"

"Funda nsalu iyi mpaka udutse chikwangwani changa, ndakupempha."

Kamoto anafunda. Atafika pakhomo anaima, n'kutembenuka pang'onopang'ono, maso akuwerengera zinthu m'mwamba.

"Azakhali okondedwa."

"Watinso chiyani?"

"Akandisankha, sewero ndi la masiku asanu. Kulira kotereku sindingakupeze pandekha. Ndiye madzulo alionse muzilichapa diresili, muzilisoka kawirikawiri, muzilisita. Ine ndikamabwera muzikhalira sizasi, muzindithamangitsa ndi chipeso, tiyi akhale pomwe paja. Mwamva?"

Azakhali anatola chipeso, nachipukuta pa epuloni, nakhala pa mashini mwaulemu wonse, n'kuyamba kulowetsa ulusi pa singano.

"Ayi, mwana wa achimwene," anatero osadzutsa mutu. "Ine zaluso sindikhudza. Ngakhale ndi chala."